Ola limodzi kwa katswiri wa zamaganizo wolipiritsa: ndalama yanu imagula chiyani?

Wodwala malungo amadziwiratu zomwe akakumane nazo kuchipatala. Amubaya chala, amupatsa LA, pakatha masiku atatu wayamba kudya nsima. Koma munthu yemwe waganiza zokaonana ndi katswiri wa zamaganizo wapulayiveti amapita m'chimbulimbuli. Sadziwa kuti akafunsidwa chiyani, adzapitako kangati, ndiponso adzadziwa bwanji kuti ndalama yake sikulowa m'madzi. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre akatswiriwa akupezeka ndithu masiku ano, ena m'zipatala zolipira, ena m'nyumba zosandutsidwa maofesi, ena pa foni pokha. Kwa munthu wa nkhawa, wokhumudwa, woferedwa yemwe chisoni chakana kuphwa, kapena amene anakumana ndi zoopsa, chithandizochi n'chabwino ndipo timachivomereza. Chovuta n'chakuti n'chodula, ndipo ntchito ya katswiri uyu ndi ya uyo zimasiyana kutalitali ngakhale chikwangwani cha pakhomo chitalembedwa mofanana.

Zomwe mumalipira kwenikweni ndi nthawi, chinsinsi, komanso kukumana ndi munthu mmodzi yemweyo sabata ndi sabata. Kuchipatala cha boma chithandizo cha matenda a maganizo n'chaulere, ndipo anamwino ake amadziwa ntchito, koma mzere umatalika ndipo mphindi zomwe angakhale nanu n'zochepa. Kwa wapulayiveti mumakhala mphindi 50 kapena ola lathunthu, chitseko chotseka, popanda wina wogogoda.

Musanapereke tambala iliyonse, dziwani kaye kuti mukukaonana ndi ndani, chifukwa mawu oti "mphungu" amaphimba anthu osiyanasiyana. Psychiatrist ndi dokotala yemwe anapitiriza maphunziro a matenda a maganizo, ndipo amalemba mankhwala. M'dziko muno alipo owerengeka. Clinical psychologist anaphunzira kuyeza ndi kuchiza mavuto a maganizo pogwiritsa ntchito kukambirana, kawirikawiri mpaka digiri yachiwiri, ndipo salemba mankhwala. Palinso aphungu a dipuloma kapena digiri ya uphungu, monga omwe amaphunzira ku St John of God College of Health Sciences ku Mzuzu, omwe amathandiza bwino pa nkhani za m'banja, maliro, mowa ndi kupanikizika kwa pantchito. Ndiye pali wina yemwe anangochita maphunziro a masabata ochepa n'kusindikiza makadi. Mphungu wa pa malo oyezera HIV amagwira ntchito yofunika, koma maphunziro akewo sanamukonzekeretse kuchiza munthu yemwe anagwiriridwa ali mwana. Choncho funsani mosazungulira: munaphunzira kuti, mpaka pati, ndipo munalembetsa ku bungwe liti? Ogwira ntchito zachipatala amalembetsa ku Medical Council of Malawi, anamwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Katswiri weniweni funsoli silimupweteka. Amene wakwiya nalo wakuthandizani kusankha msanga.

Mukamuimbira foni koyamba, kapena pa WhatsApp pomwe ambiri amapangira nthawi, funsaninso mtengo wa ulendo umodzi, ngati ulendo woyamba uli ndi mtengo wake wosiyana, ngati amalandira Airtel Money kapena Mpamba, ngati amapereka lisiti, komanso zomwe zimachitika mukalephera kubwera. Ambiri amafuna muwadziwitse kukadali maola 24, apo ayi mulipira ola lomwe simunakhalepo. Lamuloli limawawa koma lili ndi chifukwa: ola limenelo analisungira inu, sangaligulitsenso. Ngati muli pa sikimu ya zachipatala monga MASM, imbani kusikimuko kaye mumve ngati gawo lanu limalipira chithandizo chotere, maulendo angati pachaka, komanso ngati pakufunika kalata ya dokotala.

Nkhani ya chilankhulo anthu amaipeputsa, pomwe ndi yaikulu. Akatswiri ambiri anaphunzira m'Chingerezi, ndipo kasitomala wa m'tauni amayamba m'Chingerezi posafuna kuoneka wotsalira. Koma zowawa za ubwana, mawu omwe bambo anakunenani muli ndi zaka 9, zomwe apongozi analankhula pa maliro, zonsezo zinachitika m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, ndipo zikamasuliridwa zimazizira. Munthu amatha kufotokoza imfa ya mwana wake m'Chingerezi maso ali gwa, koma atangonena kuti "anandisiya ali m'manja mwanga" misozi n'kuyamba. Katswiri wabwino amakulolani kusakaniza, ndipo amamva kuti "ndikuganiza kwambiri", "mutu ukutentha" kapena "mtima ukungothamanga" si madandaulo a thupi okha.

Ulendo woyamba si wochiza. Ndi wofufuza, ndipo ambiri amatulukamo ali okhumudwa chifukwa palibe anawauza zimenezi. Mumayamba ndi fomu: dzina, nambala ya foni, munthu woti aimbiridwe pakagwa zadzidzidzi, mankhwala omwe mukumwa. Kenako pamabwera pangano la chinsinsi, lomwe muyenera kuliwerenga musanasaine. Zomwe mwanena zimatsala m'chipindamo, kupatula ngati moyo wanu kapena wa munthu wina uli pachiswe, ngati mwana akuchitidwa nkhanza, kapena ngati khoti lalamula. Katswiri yemwe walumpha gawo limeneli, kapena walonjeza kuti "palibe chingatuluke zivute zitani", sakunena zoona. Funsaninso komwe amasunga zolemba zake ndi amene angazione. Muofesi yomwe mafayilo ali pa tebulo la wolandira alendo, mayina akuonekera, chinsinsi chatha kale musanalowe.

Mafunso ake amakhala ambiri. Chakubweretsani n'chiyani, chinayamba liti, bwanji mwabwera lero osati chaka chatha. Tulo, chilakolako cha chakudya, mowa, chamba, kubetcha, ngongole za katapila kapena za banki m'khonde, za m'banja, za kuntchito, matenda a maganizo ku mtundu kwanu. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse, chifukwa kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, shuga, ngakhale mankhwala ena omwe munthu akumwa kale, zimatha kubweretsa kufooka, kusowa tulo ndi kugunda kwa mtima zomwe zimafanana ndi nkhawa. Katswiri wosamala akakayikira amakutumizani kukayezetsa magazi musanawononge ndalama pa maulendo 10 a kukambirana.

Ambiri amagwiritsa ntchito pepala la mafunso 9 lotchedwa PHQ-9, lomwe lilipo m'Chichewa ndipo linayesedwa pa odwala a m'dziko muno. Limafunsa za masabata awiri apitawa, ndipo yankho lililonse limapatsidwa 0 mpaka 3, kutengera kuti vutolo linabwera masiku angati. Zonse pamodzi zimafika 27. Kuyambira 5 mpaka 9 ndi kukhumudwa kochepa, 10 mpaka 14 kwapakatikati, 15 mpaka 19 kokulirapo, 20 kupita m'mwamba kwakukulu. La nkhawa, GAD-7, lili ndi mafunso 7 ndipo limafika 21. Nambalayi payokha si dzina la matenda, koma ilembeni penapake, chifukwa ndi sikelo yomwe mudzayezerepo ngati chithandizo chikuyenda.

Funso lomaliza pa pepala la PHQ-9 limafunsa ngati mwakhala mukuganiza kuti bola kufa kapena kudzivulaza. Katswiri adzalifunsanso pakamwa, mosabisa mawu: mwaganizapo zodzipha, muli ndi njira m'maganizo, munayesapo? Ena amadzidzimuka, poganiza kuti kutchula kumaitana tsoka. Kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wayerekeza kufunsa. Kuyankha kuti inde sikutanthauza kuti akutumizani ku Zomba. Kawirikawiri mumalemba limodzi dongosolo la chitetezo: zizindikiro zomwe zimayamba zinthu zikamaipa, anthu awiri kapena atatu oti muwaimbire, komwe mungathamangire usiku, ndi kuchotsa m'nyumba zinthu zoopsa monga mankhwala a mbewu ndi a makoswe. Katswiri yemwe sanafunse funsoli n'komwe pa ulendo woyamba wasiya ntchito yofunika kwambiri.

Pomwe ambiri amasemphana ndi chithandizochi ndi pa nkhani ya malangizo. Tinazolowera ankhoswe, abusa, anankungwi ndi amalume, omwe amamva nkhani n'kugamula: bwerera kwa mwamuna wako, pepesa, pirira. Ndiye munthu amalowa m'chipinda cha katswiri akuyembekezera chigamulo cha munthu wophunzira, n'kumva akufunsidwa kuti, "Inuyo mukuona kuti chingachitike n'chiyani mukachoka, nanga mukakhala?" Amatuluka akudandaula kuti walipira ndalama zambiri kuti angofunsidwa mafunso. Dandauloli lili ndi mbali yoona ndi mbali yolakwika. Katswiri sayenera kukusankhirani banja kapena ntchito, chifukwa zotsatira zake mudzasenza ndinu, ndipo amene wakuuzani pa ulendo woyamba kuti "musiyeni ameneyo" asanamve mbali zonse wathamanga. Koma kungogwedeza mutu kwa mphindi 50 sabata iliyonse si chithandizonso. Pofika ulendo wachiwiri kapena wachitatu, muyenera kumva kuchokera kwa iye zinthu zomveka: vuto lanu akuliona motani, chikulipitiriza n'chiyani, agwiritsa ntchito njira iti, ndipo akuyerekeza maulendo angati. Zolinga zikhale zogwirika. "Kukhala wosangalala" si cholinga. "Kugona maola 6 osadzuka 2 koloko usiku", "kubwerera kuntchito masiku asanu pa sabata", "kukwera minibasi kuchoka ku Limbe kufika ku Blantyre osatsikira panjira", zimenezo ndiye zolinga.

Njira yomwe mungakumane nayo kwambiri ndi CBT (Cognitive Behavioural Therapy), njira yokambirana yosintha kaganizidwe ndi zochita, yomwe Aaron Beck anayambitsa ku America m'zaka za m'ma 1960. Mfundo yake ndi yoti maganizo, mmene thupi likumvera ndi zochita zimakokana. Titenge wa minibasi uja. Galimoto yadzaza, kwatentha, mtima wayamba kugunda. Ganizo likubwera: BP yakwera, ndifera muno. Mantha akuwonjezera kugunda, akupuma mofulumira, zala zikuchita dzanzi, akukuwa kuti atsike. Akatsika zimaphwa, ndipo ubongo umaphunzira kuti kutsikako ndiko kwamupulumutsa. Mawa sakweranso. Katswiri amajambula mkombero umenewu papepala, amafotokoza kuti mantha otere amafika pachimake m'mphindi zochepa kenako amatsika okha, ndipo amakonza makwerero: lero kuima pa siteji mphindi 10, mawa kukwera masiteji awiri pa mpando wa kukhomo, sabata yamawa ulendo wonse pa mpando wa kumbuyo. Nthawi iliyonse mumalemba mantha anu pa sikelo ya 0 mpaka 10, musanakwere, muli m'kati, ndi mutatsika.

Kwa wokhumudwa yemwe wasiya zonse n'kumangogona, ntchito imayambira pa zochita osati pa maganizo: kulemba zomwe mwachita ola lililonse kwa sabata, kenako kubwezeretsa pang'onopang'ono zinthu zing'onozing'ono monga kusamba m'mawa, kuthirira dimba, kupita ku kwaya, osadikira kuti mtima ufune kaye. Pa mavuto a ngongole ndi a pakhomo, ena amagwiritsa ntchito njira yothetsa mavuto limodzilimodzi, yofanana ndi ya Friendship Bench yomwe Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare, komwe agogo ophunzitsidwa amakumana ndi munthu pa benchi maulendo 6. Njira zonsezi zili ndi ntchito ya kunyumba. Sabata ili ndi maola 168, ndipo katswiri mumakhala naye ola limodzi lokha. Amene sachita za kunyumbazo amalipira mtengo wonse n'kulandira theka la phindu.

Pa nkhawa ndi kukhumudwa, CBT imatenga maulendo apakati pa 6 ndi 20, kamodzi pa sabata. Pa zoopsa zomwe zinachitika kamodzi, monga ngozi ya pamsewu kapena kuthyoleredwa nyumba, imatenga 8 mpaka 12. Nkhanza za zaka zambiri zimafuna nthawi yotalikirapo. Apa ndi pomwe chithandizo chapulayiveti chimagwera anthu ambiri. Munthu amafunsa mtengo wa ulendo umodzi, n'kuona kuti akwanitsa, osachulukitsa ndi 12, osawonjezera thiransipoti ndi maola omwe achoke kuntchito. Amapita katatu mwezi utangotha, ndalama n'kutha, n'kusowa masabata asanu. Choipa kwambiri n'chakuti amasiyira pomwe chilonda changotsegulidwa. Nenani pa ulendo woyamba kuti thumba lanu lingakwanitse maulendo angati. Katswiri wodziwa ntchito amakonza chithandizo molingana: ngati ndi maulendo 6, sayamba kukumba za ubwana, amasankha vuto limodzi n'kulimaliza. Ena amatsitsa mtengo kwa ophunzira ndi osowa, koma sanena mukapanda kufunsa. Ndi bwino kupita sabata iliyonse maulendo 4 oyamba kenako kutalikitsa kukhala masabata awiri aliwonse, kusiyana ndi kupita kamodzi pamwezi kuyambira pachiyambi, chifukwa theka la ola limathera pofotokoza zomwe zachitika mwezi wonse.

Yembekezerani kuti penapake, makamaka pa maulendo oyambirira, mudzamva kuipiraipira. Zomwe munazikwirira zaka zambiri zikafukulidwa, tulo timasokonekera, maloto amabwera, mumapsa mtima msanga. Izi zikatenga tsiku limodzi kapena awiri n'kuphwa, n'zachibadwa, ndipo n'chifukwa chake si nzeru kuika ulendo wanu ola limodzi musanalowe mumsonkhano waukulu. Koma ngati sabata iliyonse mukutuluka muli wosweka, mwayambanso kumwa, kapena maganizo odzipha akula, liwiro lachuluka. Pa nkhani za zoopsa, katswiri amayenera kukuphunzitsani kaye njira zodzikhazikitsira mtima pansi asanakufunseni tsatanetsatane wa zomwe zinachitika. Amene wafuna zonse pa tsiku loyamba angakuvulazeni kachiwiri.

Mizinda yathu ndi yaing'ono. Katswiri wanu angakhale wa mpingo wanu, kapena mlamu wa bwana wanu. Kambiranani poyamba kuti mukakumana ku ukwati kapena m'sitolo mudzatani. Ambiri sayamba kupereka moni, amadikira inu, pofuna kuti amene muli naye asafunse kuti mumadziwana bwanji. Si mwano. Wachibale kapena mnzanu wapamtima sangakhale katswiri wanu, ngakhale atakhala waluso chotani. Ngati akulipirirani ndi amuna anu, makolo kapena kampani, mvetsetsanani kuti wolipira amalandira lisiti, osati lipoti la zomwe mwanena. Kwa mwana wosakwana zaka 18 makolo amasainira ndipo amauzidwa za chitetezo chake, koma akaumiriza kumva chilichonse mwanayo amatseka pakamwa, ndalama n'kupita pachabe.

Za chikhulupiriro nazo zimafuna katswiri wokhwima. Munthu akanena kuti akuganiza kuti analodzedwa, kapena kuti abusa akumupempherera, pali zolakwika ziwiri: kumuseka, kapena kusandutsa ola lolipiridwa kukhala ulaliki. Wabwino amafunsa kuti chikhulupirirocho chikumuthandiza pati ndipo chikumupweteka pati, ndipo salimbana ndi mapemphero pokhapokha wina akauza wodwala kuti ataye mankhwala.

Zokumana pa foni kapena pa vidiyo zimathandiza amene ali ku Karonga, ku Nsanje kapena ku Johannesburg, ndipo pa nkhawa ndi kukhumudwa zimagwira ntchito bwino. Zimafuna bandulo yokwanira, foni yotchaja magetsi asanathime, ndi malo omwe simukumvedwa. M'nyumba ya zipinda ziwiri yopanda siling'i munthu sanganene za mwamuna wake ali kuseri kwa khoma. Gwirizanani kuti netiweki ikaduka aimba ndani.

Pali zinthu zomwe mukaziona musabwererenso. Katswiri yemwe akukufunani chibwenzi, kukugwirani mosayenera, kukuitanirani kumalo omwera, kukubwerekani ndalama, kukugulitsani mankhwala azitsamba kapena bizinesi yake, kukusimbirani nkhani za makasitomala ena mowatchula, kapena kukuuzani kuti musiye mankhwala a dokotala iye asali dokotala. Zotere mukhoza kukadandaula ku bungwe lomwe analembetsa, n'chifukwa chake funso la poyamba lija linali lofunika.

Pa kukhumudwa kwakukulu, kukambirana kumayenda bwino kukaphatikizidwa ndi mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline, ndipo katswiri wabwino amakutumizani kwa dokotala mosachita nsanje. Mankhwalawa amayamba kumveka pakatha masabata 2 mpaka 4, amamwedwa miyezi 6 kapena kuposerapo munthu atapeza bwino, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Diazepam ndi wina: amagonetsa msanga koma thupi limamuzolowera, choncho si wa miyezi.

Ndipo pali anthu omwe khomo la wapulayiveti si loyambira. Amene akumva mawu omwe ena sakumva, amene watha masiku osagona akulankhula mosalekeza ndi kumwaza ndalama, mayi yemwe wasokonezeka patangopita masiku ochepa atabereka, chidakwa chomwe chasiya mowa mwadzidzidzi n'kuyamba kunjenjemera, kuona zinthu zomwe ena sakuona kapena kukomoka, ndi aliyense yemwe wakonza zodzipha lero: amenewa apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira Lachinayi la sabata yamawa. Chipatala cha boma chilichonse chapafupi chingayambe chithandizo n'kutumiza komwe kukufunika, kaya ku Zomba Mental Hospital, ku Queens ku Blantyre, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pa nkhani za nkhanza kwa ana pali nambala yaulere ya 116.

Pofika ulendo wa 6, pemphani kuti muyezenso. Dzazaninso pepala la PHQ-9 lija, muyerekeze ndi nambala yoyamba. Kutsika ndi 5 kapena kuposerapo ndi kusintha kwenikweni, kutsika ndi theka ndiye kuti chithandizo chagwira, ndipo kufika pansi pa 5 ndi komwe mukulinga. Ngati palibe chasuntha, nenani, ndipo muone mmene katswiriyo alandirire. Wabwino amasintha njira, amafunsa ngati pali chomwe sichinatchulidwe monga mowa kapena nkhanza za pakhomo, kapena amakutumizani kwa mnzake wodziwa bwino vuto lanulo. Kusagwirizana mtima ndi katswiri kumachitika ngakhale onse awiri mulibe cholakwa, ndipo kusintha n'kololedwa. Pemphani kalata yachidule ya zomwe mwachita kale, kuti kwa watsopanoyo musakalipirenso maulendo awiri ofotokoza mbiri yomweyo.

Zikayenda bwino, musangosowa. Ambiri akayamba kugona ndi kudya amaleka osatsanzika, kenako vuto likabwerera pa maliro otsatira kapena ntchito ikatha, amaganiza kuti chithandizo chinali chabodza. Sungani ndalama ya maulendo awiri otsiriza. Pa woyamba mumalemba pepala limodzi loti mupite nalo kunyumba: zizindikiro zanu zoyambirira, njira zomwe zinakuthandizani, ndi nambala ya PHQ-9 yomwe ikafika muyenera kuimbanso foni. Wachiwiri muuike patapita mwezi umodzi kapena itatu, kuti mukaone ngati pepalalo likugwira ntchito muli nokha.